Mvula Yasintha, Koma Phiri Tinalimeta Tokha

Pakati pa mwezi wa Marichi 2023, matope osakanikirana ndi miyala anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Zomwezo zinachitika ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu, pomwe m'chigwa cha Shire madzi anameza midzi yathunthu. Namondwe amene anabweretsa mvulayo, Freddy, anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale, n'kuwoloka nyanja yonse yamchere ya Indian, kugunda Madagascar, kulowa ku Mozambique, kubwerera panyanja, kenako n'kulowanso kachiwiri. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linadzatsimikiza kuti namondweyu anakhala masiku 36, ndipo m'mabuku awo mulibe wina amene anakhalitsa chonchi. Kuno kwathu anthu oposa 1,000 anafa, tikawerengera ndi amene mitembo yawo sinapezeke, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala.

Pamaliro, m'misasa ndi m'maminibasi anthu sanagwirizane chimodzi. Ena ankati ndi kusintha kwa nyengo, mlandu wa maiko olemera umene ife tikulipira. Ena ankati ayi, phiri tinalimeta tokha, n'kukamanga nyumba m'njira ya madzi. Achikulire ena anangoti Napolo wadutsa, monga anadutsira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Palibe amene ankanama. Vuto ndi lakuti pophunzitsa anthu za nyengo takhala tikuunjika zinthu zitatu zosiyana pamalo amodzi, ndipo munthu akamva uthengawo sadziwa kuti mbali yake ndi iti, mbali ya boma ndi iti, nanga ya anthu a kutsidya kwa nyanja ndi iti.

Choyamba ndi kutentha kwa dziko lonse. Dzuwa limatenthetsa nthaka ndi nyanja, ndipo zimenezi zimabwezera kutenthako kumwamba. Mumlengalenga muli mipweya ina, makamaka carbon dioxide ndi methane, imene imagwira mbali ya kutenthako ngati bulangete. Bulangeteli ndi lofunika, popanda ilo dziko likanazizira kosakhalika. Koma kuyambira pamene maiko a ku Ulaya ndi ku America anayamba kuwotcha malasha, kenako mafuta ndi gasi, poyendetsa mafakitale, sitima, magalimoto ndi magetsi, lakhala likuchindikala. Mafakitale asanayambe, m'magawo miliyoni imodzi a mpweya munali magawo pafupifupi 280 a carbon dioxide. Lero apitirira 420. Chaka cha 2024 ndicho chinali chotentha kuposa zonse chiyambire kuyeza, ndipo chinaposa kutentha kwa nthawi ya mafakitale asanayambe ndi madigiri opitirira pang'ono 1.5, malire omwe maiko anagwirizana ku Paris mu 2015 kuti ayesetsa kusawadutsa.

Digiri imodzi ndi theka imamveka yochepa kwa munthu wa ku Nsanje amene amadziwa kutentha kwa madigiri 40 m'mwezi wa Okutobala. Koma mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kunyamula chinyezi chochuluka ndi pafupifupi 7 peresenti, ndipo nyanja yofunda ndiyo chakudya cha namondwe. Ndiye chifukwa chake mvula imene kale inkagwa mwakachetechete kwa sabata yathunthu lero imatha kukhuthuka m'masiku awiri. Akatswiri a gulu la World Weather Attribution atafufuza anamondwe a kumayambiriro kwa 2022, kuphatikizapo namondwe Ana, anapeza kuti kutentha kwa dziko kunawonjezera mvula imene anamondwewo anagwetsa ku Madagascar, Mozambique ndi Malawi. Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023: mwana wa ku Chikwawa wa zaka khumi waona kale anamondwe anayi aakulu.

Chachiwiri ndi kasinthasintha wa nyengo amene analipo kuyambira kale. El Niño ndi kufunda kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumabwera pakapita zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri, ndipo kukabwera, kum'mwera kwa Africa mvula imachepa pomwe kum'mawa kwa Africa imachuluka. Malawi ali pamalire a zigawo ziwirizi. Mu 2024 chimanga chinauma m'minda ya m'chigawo cha kum'mwera ndi pakati, mpaka m'mwezi wa Marichi Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti m'maboma 23 mwa 28 muli ngozi, koma chaka chomwecho nyanja ya Malawi inadzaza n'kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi chifukwa cha mvula ya kumpoto ndi ku Tanzania. Akatswiri omwe aja atafufuza chilala cha 2024 anati chinachititsa kwambiri ndi El Niño, osati kutentha kwa dziko. Izi n'zofunika kuzinena poyera. Njala ya 1949 inabwera dziko lisanatenthe chonchi, ndipo nyanja ya Chilwa inaphwapo kangapo kale isanaphwenso mu 1995 ndi m'zaka zaposachedwapa. Tikamati chilichonse ndi kusintha kwa nyengo, agogo amene anaona zimenezi amasiya kutikhulupirira, ndipo akulondola. Chimene chasintha n'chakuti chilala cha lero chimapeza nthaka yotentha kale, imene imauma msanga.

Chachitatu ndi chathu chathu: mapiri ometedwa, madambo olimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, ngalande zotsekeka ndi zinyalala. Pa kalembera wa 1966 tinalipo anthu pafupifupi 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 tinakwana 17.5 miliyoni, pamalo omwewo. Aliyense afuna munda, nkhuni, mitengo ya denga ndi njerwa zowotcha. Amene anakulira ku Blantyre m'zaka za m'ma 1980 amakumbukira phiri la Ndirande lili bii ndi mitengo; linatha m'zaka zochepa chabe za m'ma 1990. Mtengo suletsa namondwe kubwera. Umangochedwetsa madzi, masamba n'kuphwanya mphamvu ya madontho, mizu n'kugwira dothi, zinyalala za pansi n'kumwetsa madziwo m'nthaka. Kuchedwa kumeneko ndiko kumasiyanitsa mtsinje wodzaza ndi mtsinje wosefukira.

Tikasiyanitsa zitatuzi, funso la zimene munthu angachite pakhomo pake limayamba kuyankhika. Pa choyamba chija mphamvu yathu ndi yochepa kwambiri. Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a tani ya carbon dioxide pachaka kuchokera ku mafuta ndi malasha, pomwe munthu wa ku United States amatulutsa matani oposa 13. Africa yonse sifika pa 4 peresenti ya mpweya wotere padziko lapansi. Choncho malangizo amene amalembedwera anthu a ku London, akuti chepetsani maulendo a pandege, musamadye nyama ya ng'ombe tsiku ndi tsiku, siyani galimoto mukwere njinga, akafika ku Makhanga amasanduka nthabwala. Munthu amene amadya nyama pa Khirisimasi ndipo ulendo wake waukulu ndi wa kabaza sangachepetse chimene alibe. Ngakhale Amalawi tonse titasiya kuphika lero, dziko silingazizire.

Ena akamva zimenezi amati basi, tilibe mlandu, atisiye. Apa ndi pomwe ndimasiyana nawo. Zizolowezi zathu sizingasinthe kuchuluka kwa mvula, koma ndizo zimalamula zimene mvulayo ichite ikagwa, ndi zimene mapapo a ana athu apume mawa m'mawa. Phindu lake silidikira chaka cha 2050 ayi.

Nkhani yaikulu ili m'khitchini. Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Kumudzi ndi nkhuni pamafuwa atatu, m'tauni ndi makala pambaula. Pakati pa ziwirizi, chimene chikudya nkhalango mwachangu ndi makala, chifukwa mayi wotola nkhuni nthawi zambiri amatenga nthambi zouma, pomwe wowotcha makala amagwetsa mtengo wonse wauwisi, ndipo amasankha mitengo yolimba yachilengedwe monga tsamba, muwanga ndi mombo, imene imatenga zaka zambiri kuti ikule. Pa uvuni wa dothi umene amagwiritsa ntchito, kuti apeze kilogalamu imodzi ya makala amawotcha makilogalamu a mtengo kuyambira asanu mpaka khumi. Mphamvu yambiri imathera m'tchire momwemo, thumba lisanakwere n'komwe panjinga.

Tsono taonani mmene zinthu zimazungulirana. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pamtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mapiri a ku Neno, Mwanza, Balaka ndi Ntcheu akametedwa, dothi limakokoloka n'kukadzaza m'madamu a makina opangira magetsi, namasupuni ndi zinyalala n'kumatseka polowera madzi, ndipo kampani yopanga magetsi ya EGENCO imawononga ndalama zambiri pochotsa matope. Magetsi akachepa, ESCOM imagawa mozimitsa, ndipo banja la ku Chilomoni kapena ku Area 25 lomwe lili ndi chitofu cha magetsi limatuma mwana kukagula makala. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, omwe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi amene tinali nawo. Panatha chaka ndi miyezi makinawo asanayambenso, ndipo nthawi yonseyo makala anayenda malonda. Ku Lilongwe nkhani ndi yomweyo koma ndi madzi: mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu awiri a Kamuzu, umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, ndipo owotcha makala atafika poipa, boma linatumizako asilikali a nkhondo mu 2015 kukalondera mitengo.

Timakonda kuloza chala munthu wokankha njinga yosenza matumba atatu pamsewu wa Zalewa. Koma iye saphikira makala. Akafika kwawo, mkazi wake amaphikira mapesi ndi zitsononkho. Makalawo amadyedwa m'tauni, m'nyumba za aphunzitsi, anamwino, abusa, apolisi ndi ogwira ntchito m'mabungwe omwe amaphunzitsa za chilengedwe. Lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020, zilango n'kukwera, ndipo kuwotcha kapena kugulitsa makala popanda chiphaso ndi mlandu. Komabe pafupifupi makala onse a pamsika ndi opanda chiphaso, ndipo tonse timagula masana dzuwa likuswa mtengo. Kulanda njinga paroadblock kumasautsa banja limodzi, mtengo wa thumba n'kukwera, wina n'kuona kuti bizinesiyo yayamba kupindulitsa. Malinga ngati poto wa m'tauni akufuna makala, wowotcha adzapezeka.

Mbali imene sitiikamba mokwanira ndi utsi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse, kudzera m'chibayo, matenda a mtima, sitiroko ndi matenda a m'mapapo. Amene amaupuma kwambiri ndi mayi wophika ndi mwana amene ali kumsana kwake. Khitchini yathu yakumudzi, yofolera ndi udzu, yopanda zenera, denga lake lakuda ndi mwaye, imasonyeza poyera zimene zikulowa m'chifuwa. Makala alibe utsi wooneka, n'chifukwa chake anthu amawayesa abwino, koma amatulutsa carbon monoxide, mpweya wosanunkha umene umagonetsa munthu mpaka kalekale. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikawomba, sipalephera kumveka za anthu amene analowetsa mbaula m'chipinda, n'kutseka chitseko ndi mawindo, osadzukanso. Ndipo pali chizolowezi china chimene chafala m'matauni, choyatsira mbaula ndi jumbo kapena chidutswa cha pulasitiki. Moto umagwira msanga, inde, koma utsi wake ndi poizoni, ndipo woupemerera amakhala ataweramira pomwepo.

Zochita zilipo, ndipo zina sizifuna ndalama. Nkhuni zouma bwino, zowazidwa zing'onozing'ono, zimayaka ndi utsi wochepa kusiyana ndi chipika chauwisi. Poto wovundikira amawira msanga. Nyemba zonyikidwa m'madzi usiku zimapsa pa nthawi yochepa kwambiri, ngakhale alipo amayi amene amalumbira kuti zimasukuluka kukoma; ayese kuzinyika ndi kamchere pang'ono aone. Kuyamba mwakonza zonse, tomato, anyezi, ufa, madzi, musanasonkhe moto, kumapulumutsa makala amene amangonyeka wophika akusenda mbatata. Makala otsala akazimitsidwa ndi dothi kapena phulusa amagwiranso ntchito mawa. Kuphikira panja kapena pakhonde, kapena kungoboola zenera m'khitchini moyang'anizana ndi khomo, kumachepetsa utsi wopumidwa. Ndipo mwana wakhanda asakhale kumsana pamene moto ukufuka.

Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dongo ndi magulu a amayi m'maboma ambiri, imagwiritsa ntchito nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa, chifukwa imatsekera moto kuti upite kupoto m'malo mobalalika ndi mphepo. Boma linadziikira cholinga choti mbaula zosunga nkhuni 2 miliyoni zifike m'makomo pofika 2020. Kugawa n'kosavuta, chovuta n'chakuti mbaula ikhalebe pamoto pakatha chaka. M'makomo ambiri mudzaipeza ili pakona, nkhuku itaikiramo mazira, chifukwa poto wa banja lalikulu sakhazikika bwino, kapena chifukwa madzulo a m'nyengo yozizira anthu amafuna moto wowotha, osati wophikira wokha. Mbaulayi imachepetsa nkhuni ndithu, koma utsi siuthetsa. Amene amathetsa utsi ndi gasi ndi magetsi.

Apa ndi pomwe mawu akuti anthu akusowa chidziwitso amandikwiyitsa pang'ono. Mayi wa ku Mbayani amadziwa bwino kuti gasi amaphika msanga ndipo sadetsa mapoto. Chimene chimamuletsa ndi kagulidwe. Makala amagulidwa pakamulu kapena m'kajumbo, ndalama ya lero kuphikira lero. Gasi amafuna kuti ugule silinda ndi chitofu nthawi imodzi, kenako udzaze ndi ndalama yochuluka pakamodzi, ndipo ndalama zakunja zikasowa, gasiyo amasowanso kapena kukwera mtengo. Palinso mantha akuti silinda iphulika, amene amachepa munthu akaphunzitsidwa kutseka ndi kuyesa paipi ndi thovu la sopo. Choncho udindo woyamba kusintha uli pa amene amalandira malipiro pamwezi. Banja lotere likagula silinda, kapena poto wamagetsi wophika ndi nthunzi yotsekeredwa amene amapsetsa nyemba osakwana ola limodzi, limachotsa matumba angapo pamsika chaka chilichonse. Amene sangasiye makala angathe kufunafuna ovomerezeka, monga ochokera m'minda ya mitengo yodzala ya Kawandama Hills ku Viphya, kapena makala oumbidwa kuchokera ku utuchi, makoko a mpunga ndi zotsalira zina, ngakhale kuti sapezeka paliponse.

Kumunda nkhani ndi madzi ndi chinyezi. Mlimi wakale ankawerenga nyengo: chizimalupsa chikagwa m'mwezi wa Okutobala ankadziwa kuti mvula yodzalira ili pafupi. Lero mvula imatha kuyamba mochedwa, kugwa mwamphamvu, kenako n'kudula milungu itatu chimanga chili pofuna kumasula. Munda umene umapirira ng'amba yotere ndi umene nthaka yake ili ndi manyowa ndiponso yophimbidwa. Koma chaka ndi chaka, pofika Ogasiti ndi Seputembala, dziko lonse limafuka. Timawotcha mapesi pososa, anyamata amawotcha tchire posaka mbewa, ndipo moto ukalowa m'nkhalango umapha timitengo tonse tongophuka. Mapesi amenewo akanagonekedwa m'munda akanasunga chinyezi n'kuwolerana kukhala chakudya cha nthaka. Alangizi akhala akuphunzitsa ulimi wa mleranthaka kwa zaka zambiri, ndipo alimi ali ndi zifukwa zawo zoukayikira: mapesi amaitana chiswe ndi mbewa, ziweto za eni ake zimadzadya, udzu umavuta chaka choyamba. Zifukwazi n'zoona, ndipo zimatha pokhapokha mudzi wonse ukagwirizana, mfumu n'kuika lamulo pa za moto ndi ziweto. Mlimi mmodzi payekha amangogwirira ntchito mbuzi za mnzake.

Pa mitengo tili ndi mwambo wokongola umene zipatso zake n'zochepa. Nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa m'mwezi wa Disembala n'kutsekedwa mu Epulo, akuluakulu amabwera ndi makasu atsopano, atolankhani amajambula, ndipo timamva za mbande mamiliyoni. Mbande imene yadzalidwa mochedwa, pamalo opanda mwini, imakumana ndi mbuzi mu Juni ndi moto mu Seputembala. Chiwerengero chofunika si cha mitengo yodzalidwa koma ya imene ili moyo mvula yotsatira ikamayamba. Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi kusamalira zitsa zimene zili kale m'munda ndi m'phiri. Chitsa cha mtengo wachilengedwe chimakhala ndi mizu yozama kale. Ukachitengulira n'kusiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, n'kuchiteteza ku moto, chimakula msanga kuposa mbande ya m'chubu. Mapiri ena amene midzi inagwirizana kungowasiya osadula ndi osawotcha abiriwiranso popanda kudzala kanthu.

Mtengo wa nsangu ndi woyenera kuutchula pawokha. Umayoyola masamba nthawi ya dzinja, pamene mitengo ina ikuphuka, kotero suphimba chimanga, ndipo masambawo amathira chonde. Aliyense amene wayenda m'mbali mwa nyanja ku Salima kapena ku Mangochi waona chimanga cha pansi pa nsangu chili chobiriwira kuposa chinzake. Gliricidia ndi nandolo nazonso zimabwezera chonde m'nthaka, ndipo mitengo ya nandolo ikauma ndi nkhuni zabwino, moti munda umodzi umapereka ndiwo, ndalama, manyowa ndi moto. Pamene mtengo wa feteleza wafika posagulika, zimenezi zasiya kukhala nkhani ya okonda chilengedwe okha. Koma bulugamu wodzalidwa pagwero la kasupe kapena m'dambo amamwa madzi ambiri. Malo ake ndi kumtunda.

Chizolowezi chovuta kusintha kuposa zonse chili m'mbale. Kwa ife, munthu amene wadya mbatata, chinangwa kapena mpunga amati sanadye, wangogona nayo njala. Koma chimanga si mbewu ya makolo athu akale kwambiri. Chinachokera ku America, ndipo chisanafale anthu ankadalira mapira ndi mawere, mbewu zimene zimapirira dzuwa kuposa icho. Chimanga chikasowa madzi pa nthawi yomasula, chaka chatha. Chinangwa chimadikira m'nthaka, mbatata imacha msanga, ndipo ya chikasu mkati imapatsa ana vitamini A. Anthu a ku Nkhata Bay ndi kondowole wawo, ndi a m'chigwa cha Shire ndi mapira awo, anadziwa kale zimenezi, ngakhale ena amawaseka. Ufa woyera, umene timaukonda chifukwa cha maonekedwe, ndi chimanga chimene chachotsedwa gaga ndi mtima wake, mbali zomwe zili ndi chakudya chambiri, ndipo pokonola thumba limachepa. Mgaiwa ndi wokhutitsa komanso wopatsa thanzi. Bonongwe, chisoso, luni ndi denje zimamera zokha popanda feteleza kapena mankhwala, ndipo mfutso wosungidwa bwino umafikitsa banja m'chilimwe. Pamene matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akuchuluka m'matauni mwathu, zakudya zimene tinkaziyesa zaumphawi ndizo madokotala akutibwezerako.

Za mapulasitiki ndinena mwachidule, popeza sizikhudza kwenikweni kutentha kwa dziko, koma zimakhudza kumene madzi apite. Boma linaletsa majumbo opyapyala, osafika ma micron 60, mu 2015. Makampani anakatenga chiletso kukhoti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti lamulolo ndi loyenera. Gloria Majiga-Kamoto, amene analimbana nawo nkhondoyi ataona mbuzi za alimi zikufa ndi majumbo m'mimba, analandira mphoto ya Goldman mu 2021. Ngakhale zinali choncho, nkhaniyi inabwereranso m'makhoti kangapo, majumbo akupangidwabe. Jumbo yotayidwa pamsika wa Limbe kapena wa Tsoka imathera m'ngalande, ngalande ikatsekeka madzi amalowa m'nyumba ndi m'zimbudzi, zonyansa n'kusefukira m'zitsime. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, woopsa kuposa yonse m'mbiri ya dziko lino, unapha anthu oposa 1,700, ndipo unayambira m'madera amene anamondwe Ana ndi Gombe anali atawononga madzi ndi zimbudzi. Dengu, chikwama chansalu kapena mpango wa chitenje zimagwira ntchito imene zinkagwira kale. Zinyalala zambiri za pakhomo ndi makoko ndi zotsala za ndiwo, zimene zikaikidwa padzenje lakelake zimasanduka manyowa a dimba. Koma munthu sangasunge zinyalala m'nyumba mpaka kalekale, ndipo khonsolo imene imatolera msonkho wa pamsika tsiku ndi tsiku iyenera kufunsidwa kuti galimoto yotola zinyalala inapita kuti.

Chizolowezi china chatsopano chimene tiyenera kuphunzira ndi kumvera chenjezo. Nthambi yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo imalengeza mmene dzinja likhalire lisanayambe, ndipo namondwe amaoneka masiku angapo asanafike. Mlimi akamva kuti mvula ikhala yochepa angasankhe mbewu yocha msanga. Banja la m'mphepete mwa Ruo kapena Mwanza likamva pawailesi kuti madzi akubwera lingasamuke usiku usanagwe. Koma kuuza anthu kuti asamukire kumtunda n'kosavuta kwa amene ali mu ofesi. Kumtunda kuli eni ake, ndipo nthaka yachonde ndi nsomba zili kumadzi komweko. Walira mvula walira matope, koma amene alibe malo ena sanasankhe chilichonse mwa ziwirizi.

N'chifukwa chake nkhani ya chipukutamisozi si kupemphetsa. Pamsonkhano wa zanyengo wa ku Glasgow mu 2021, Scotland inakhala boma loyamba kulonjeza ndalama zolipirira zimene maiko osauka ataya chifukwa cha nyengo, mapaundi 2 miliyoni, ndipo zina mwa ndalama za mtunduwu zinafika kwa anthu a kum'mwera kwa Malawi. Chaka chotsatira ku Sharm el-Sheikh maiko anagwirizana kukhazikitsa thumba la padziko lonse, ndipo ku Dubai mu 2023 analonjeza ndalama zokwana pafupifupi madola 700 miliyoni. Kuwerengera kwa boma kunasonyeza kuti Freddy yekha anawononga zinthu za madola oposa 500 miliyoni m'Malawi mokha. Ndalama zochepazo zikafika, pamafunikanso maso a nzika kuti zifike kumene zikupita.

Pa magetsi zinthu zayamba kusuntha, ngakhale pang'onopang'ono. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 mwa 100 zilizonse ndizo zinkawunikira magetsi a ESCOM. Kuyambira nthawi imeneyo timasola ting'onoting'ono talowa m'midzi yambiri, koloboyi ndi utsi wake wa parafini n'kuyamba kuiwalika, ndipo iyi ndi imodzi mwa nkhani zabwino zimene zachitika popanda msonkhano uliwonse, chifukwa chakuti mtengo wa sola unatsika. Koma kasola ka padenga kamayatsa babu ndi kutchaja foni, sikaphika nsima. Malo opangira magetsi a dzuwa a ku Salima, a mamegawati 60, anayamba kugwira ntchito mu 2021, ndipo a ku Golomoti, a mamegawati 20 okhala ndi mabatire, anatsatira mu 2022. Chiyembekezo chachikulu cha boma chili pa damu la Mpatamanga, limene akuti lidzapereka mamegawati oposa 350. Nalonso lidzamangidwa pa Shire, pakati pa Tedzani ndi Kapichira, ndipo madzi ndi matope ake adzachokera m'mapiri omwe aja a ku Neno, Mwanza ndi Balaka amene akutipatsa makala lero.